Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Pali funso limene limamveka kawirikawiri anthu akamva kuti ndalama zaperekedwa zochitira kafukufuku. Amati: anthu akutha ndi khansa m'zipatala, ana akugwa khunyu m'midzi, chimanga chikufota m'munda, ndiye munthu wophunzira bwinobwino athere zaka khumi akusuzumira ndere za pamwala? Funsoli silachibwana. Amene amalifunsa nthawi zambiri ndi amene anagonapo pakhonde la chipatala akudikirira m'bale wawo. Ndikufuna kuliyankha mwaulemu, makamaka kwa inu ananu amene mukali pasukulu, ndi kwa inu makolo amene mumagulitsa mbuzi kuti fizi ipezeke.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mankhwala ambiri amene anamwino amatipatsa lero anachokera kwa munthu amene anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa kanthu kamene anzake ankakapitirira.

Tiyambe ndi khansa ya ana imene imatupitsa nsagwada, imene ambiri okulira kunyanja ndi kuchigwa cha Shire anaionapo. M'chaka cha 1957, dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, anaitanidwa kukaona mwana wotupa nsagwada pachipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala. Pasanapite nthawi anaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi ku Jinja. Madokotala ena anali atawaonapo ana otere, koma aliyense ankangoti ndi chotupa, n'kupitirira. Burkitt, amene ankaona ndi diso limodzi poti linalo linawonongeka ali mnyamata, anakafukula mafayilo akale a odwala, ndipo mu 1958 analemba kuti ana onsewa akudwala nthenda imodzi. Anatumiza makalata ndi zithunzi ku zipatala zambiri za mu Africa kufunsa ngati kumeneko ana otere amaoneka. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000 kwa masabata 10, akuima chipatala ndi chipatala. Ulendowo unadutsa kwathu kuno, masiku amenewo kukutchedwa Nyasaland. Atalemba zonse pamapu, zinaoneka kuti nthendayi imakonda madera otsika, otentha, amvula yambiri, ndipo kumapiri ozizira imasowa. Mapu ake anafanana kwambiri ndi a malungo.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo kudumpha kwachiwiri kunachitikira ku London. Mu Marichi 1961 Burkitt anakalankhula pachipatala cha Middlesex, ndipo pagulu la omvera panali Anthony Epstein, katswiri wa mavairasi. Iye anaganiza kuti khansa yotsata nyengo chonchi iyenera kukhala ndi kachirombo kumbuyo kwake. Anapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pandege kuchokera ku Kampala. Kwa zaka zoposa ziwiri sanapeze kanthu. Mu Disembala 1963 ndege inalephera kutera ku London chifukwa cha chifunga, inakatera ku Manchester, ndipo kabotolo kanafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu. Wina aliyense akanakataya poganiza kuti zaola. Epstein anadonthezera madziwo pagalasi n'kuyang'ana pamakina oonera tizinthu tating'ono, ndipo anapeza kuti mbuuyo anali maselo amoyo a khansa, atathothoka chifukwa cha kugwedezeka kwa ulendo wautali. Maselo amenewo anamera mulabu, ndipo mu 1964 iye pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anaonamo vairasi. Inali vairasi yoyamba kupezeka kuti imakhudzana ndi khansa mwa munthu. Lero tikudziwa kuti pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nayo m'thupi popanda vuto, koma ikakumana ndi malungo obwerezabwereza mwa mwana, mpata wa khansayi umatseguka.

Khansa ya Burkitt imakula mofulumira kuposa pafupifupi khansa ina iliyonse: maselo ake amatha kuwirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri. Koma imamvanso mankhwala msanga. Ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri akufufuza muyeso wa mankhwala umene mwana wa kuno, wonyentchera komanso wodwaladwala malungo, angaupirire osafa ndi mankhwalawo. Ana ambiri achira. Chimene chimawapha ena ndi kufika mochedwa, kapena kuthawitsidwa m'chipatala chotupa chikangophwa, makolo poganiza kuti zatha. Amayi ndi abambo, mwana akatupa nsagwada, mano akagwedera popanda chifukwa, kapena mimba ikakula modabwitsa m'masabata ochepa, musayambe ndi kufunafuna amene wamulodza. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo mukayamba mankhwala, malizani mpaka adokotala anene okha kuti basi.

Amodzi mwa mankhwala amene anawa amalandira ndi vincristine, ndipo mbiri yake ingakudabwitseni. Amachokera ku duwa lija la pinki kapena loyera limene limamera losasamalidwa m'mabwalo a nyumba zathu, limene kwawo ndi ku Madagascar. Ku Jamaica anthu ankamwa masamba ake ngati mankhwala a shuga. Robert Noble ndi Charles Beer a ku Canada atawayesa pa makoswe, shuga sanatsike, koma maselo oyera a m'magazi anatsika kwambiri. Akanatha kunena kuti duwali n'lachabe. Iwo anafunsa: ngati likupha maselo oyera, nanga khansa imene imachulukitsa maselo oyerawo? Mankhwala ena, ofiira, otchedwa doxorubicin, anachokera ku bakiteriya wa m'dothi la ku Italy. Apa ndichenjeze, poti ena akangomva chonchi amathamangira kukatereka mphika. Duwa lija ndi poizoni. Pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba kuti papezeke galamu imodzi ya mankhwala, ndipo ngakhale kuchipatala amaperekedwa kudzera mumtsempha, mwa muyeso wosamalitsa. Mankhwala a makolo athu ndimawalemekeza, ndipo ulemu weniweni ndi kuwayesa poyera kuti tidziwe amene amagwira, amene sagwira, ndi amene amawononga impso.

Khansa ya khomo la chiberekero yatilanda amayi ambiri, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene nthendayi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Harald zur Hausen wa ku Germany anakakamira kwa zaka zambiri kuti imayamba ndi vairasi ya HPV, pamene anzake ambiri ankaloza kachirombo kena. Mu 1983 ndi 1984 gulu lake linapeza mitundu iwiri yoopsa kwambiri, wa 16 ndi wa 18. Katemera anatuluka mu 2006, ndipo kwathu kuno anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu Januwale 2019. Kuchokera pa kukakamira kwa munthu mmodzi mpaka pa mkono wa mdzukulu wanu panadutsa zaka pafupifupi 40. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva kuti mwana wabisidwa kuseri kwa nkhokwe tsiku la katemera, ati ndi wotseka mimba. Inu anankungwi, inu azakhali, mawu anu atsikana amawamva kuposa a wailesi. Auzeni zoona, ndipo inunso pitani mukayezetse. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo kachilonda kakapezeka kasanasanduke khansa, amakathana nako tsiku lomwelo.

Za khunyu ndilankhula mtima ukuwawa, chifukwa pano chimene chimazunza wodwala kuposa nthenda ndi ife omuzungulira. Mwana akagwa, anthu amabalalika. Ati akaphwisa kapena thovu lake likakukhudza, nawenso uyamba kugwa. Ndiye mwana amagwera pamoto anthu ataima patali, ndipo akatsitsimuka dzanja lapsa mpaka zala kumatirirana. Amamupatulira mbale yakeyake. Kusukulu amamuchotsa. Akakula, banja limavuta. Zonsezi chifukwa cha bodza. Khunyu sipatsirana, kaya ndi mpweya, kaya ndi malovu, kaya ndi kudyera mbale imodzi. Kuyambira pamene Hans Berger anajambula koyamba mphamvu ya magetsi ya mu ubongo wa munthu mu 1924, zadziwika kuti ubongo umatumiza mauthenga ndi timagetsi tating'ono, ndipo khunyu ndi pamene maselo ambiri a mu ubongo atumiza timagetsito nthawi imodzi mosalongosoka.

Chimene chimasokoneza maselowo n'chiyani? Mbali ina ya yankho inapezeka kwathu konkuno. Kuyambira cha m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakhala akufufuza ana okomoka ndi malungo a mu ubongo pachipatala cha Queen Elizabeth, ndipo njira yoyezera kukomoka kwa mwana imene anailemba mu 1989 imatchedwa dzina la Blantyre m'zipatala za mayiko ambiri. Kunali makolo amene, mwana wawo atamwalira, misozi ili m'maso, analola kuti thupi lake liunikidwe. Makolo amenewo mayina awo sali m'mabuku, koma ndi iwo anatithandiza kudziwa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene ankaganiziridwa kuti wafa ndi malungo a mu ubongo anali atafa ndi matenda ena, ndiponso kuti dokotala akaunika mkati mwa diso la mwana wokomoka angasiyanitse ziwirizi. Makina a MRI atafika, kafukufuku wa Karl Seydel ndi anzake wa mu 2015 anaonetsa kuti ana ambiri amene amafa amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Ndipo mu 2010 Gretchen Birbeck ndi gulu lake, atatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo amenewa, anapeza kuti 12 mwa iwo anayamba kugwa khunyu pambuyo pake, pamene mwa ana ena amene ankawayerekeza nawo panalibe ndi mmodzi yemwe.

Muone tsono: neti imene ena amasokera khola la anapiye kapena kuphera usipa imateteza mwana ku khunyu. Kuthamangira kuchipatala mwana akatentha thupi n'kuyamba kuphupha kumateteza ku khunyu. Kuchirira kuchipatala kumatetezanso, poti mwana wobanika pobadwa angadzayambe kugwa. Chimodzimodzi chimbudzi ndi kusamba m'manja. Pali njoka ya m'mimba imene munthu amaitenga akadya nyama ya nkhumba ya masese yosapsa bwino. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu wina, ngakhale amene sadya nkhumba, tiana ta njokayo timatha kukamanga timatumba mu ubongo.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko ali ndi khunyu, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka, ndipo 7 mwa 10 alionse akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Amodzi mwa mankhwalawo, phenobarbital, akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1912 ndipo ndi otsika mtengo. Pano ofufuza mbali yawo anachita kalekale. Yatsala yathu: kuti mankhwalawo asamasowe pachipatala chaching'ono cha kumudzi, poti kusiya kumwa mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa kuposa kwa poyamba. Ndipo munthu akagwa pamaso panu, musunthireni kutali ndi moto ndi madzi, muikeni kansalu kumutu, mugonekeni cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, musamupanikize. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Tibwere ku mabakiteriya, tizamoyo ta selo imodzi tosaoneka ndi maso. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsa kuti zilonda za m'mimba zimayamba ndi nkhawa ndi zakudya za tsabola, ndipo kuti m'chifu simungakhale kachirombo chifukwa cha asidi. Robin Warren wa ku Australia ankaona timabakiteriya topindika m'tizidutswa ta chifu, ndipo anakana kutseka maso. Mnzake wachinyamata, Barry Marshall, ataona kuti akuluakulu sakuwakhulupirira, anamwa yekha mabakiteriyawo mu 1984 n'kudwala. Sindikunena kuti mutengere zimenezo. Koma lero zilonda za m'mimba zambiri zimachizika ndi mankhwala a masabata ochepa, ndipo bakiteriya yemweyo, Helicobacter pylori, anapezekanso kuti ndi gwero lalikulu la khansa ya m'chifu. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi chakuti mankhwala opha mabakiteriya akutha mphamvu, ndipo ndi ife tikuwathetsa. Alexander Fleming, amene mu 1928 anaona chuku chikupha mabakiteriya m'kambale kake, anachenjeza kale mu 1945 kuti kumwa muyeso wochepa kumaphunzitsa kachirombo kupirira. Taonani zimene timachita. Chimfine chikangoyamba, timagula makapisozi awiri pagolosale, pamene chimfine ndi vairasi imene makapisozi saigwira. Tikapatsidwa a masiku asanu, timamwa awiri n'kusungira mwana otsalawo. Nkhuku zikazyolika timazisungunulira omwewo m'madzi. Mabakiteriya ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana, ndipo amapatsirana chibadwa cha kulimbako ngakhale ndi mabakiteriya a mtundu wina. Ofufuza atawerengera anapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chiwerengero poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu chinali chokwera kwambiri kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Blantyre, labu ya Malawi-Liverpool-Wellcome yakhala ikumeretsa mabakiteriya ochokera m'magazi a odwala kuyambira cha mu 1998, ndipo kaundula wake akuonetsa mankhwala amene kale ankagwira akugonja amodzi ndi amodzi. Ntchito yolemba zotere tsiku ndi tsiku ilibe kutchuka, koma popanda iyo sitikanadziwa kuti taifodi wosamva mankhwala wafika pakati pathu. Kudziwako ndiko kunatsegula njira ya kafukufuku wa katemera wa taifodi amene anayamba mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Ana oposa 28,000 anatengako mbali, katemerayo anateteza pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu Meyi 2023 anaperekedwa m'dziko lonse. Amayi a ku Ndirande amene anapereka mikono ya ana awo anathandiza Africa yense. Mutu umodzi susenza denga.

Palinso bakiteriya wina amene sadwalitsa munthu, ndipo ameneyu ndi amene akuyankha bwino funso la ofunsa aja. Mu 1966 Thomas Brock ndi wophunzira wake Hudson Freeze ankatola zonandananda m'akasupe a madzi otentha a ku Yellowstone ku America, pongofuna kudziwa ngati m'madzi otentha chomwecho mungakhale chamoyo. Anapeza bakiteriya amene anamutcha Thermus aquaticus. Panalibe wodwala amene ankamudikira. Patapita zaka pafupifupi 20, njira yochulukitsira DNA yotchedwa PCR, imene Kary Mullis anaiganiza mu 1983, inkafuna chinthu chopirira kutentha, ndipo chinapezeka mwa bakiteriya yemweyo. Magazi a kuchidendene cha khanda amene amayezedwa HIV, kuyeza kuchuluka kwa kachirombo mwa amene akumwa ma ARV, makina oyezera makhololo a TB, ndi kuyeza Covid-19, zonsezi maziko ake ndi PCR. Nafenso tili nawo akasupe otentha, ku Chiweta ndi ku Mawira ku Nkhotakota, ndipo m'madzi amenewo muli zamoyo.

Tsopano ndere zija. Sindikunena za m'madzi, koma tizomera tating'ono tobiriwira timene timayala pamiyala, pamakungwa a mitengo ndi pamakoma achinyontho, timene achizungu amati moss. Tilibe mizu yeniyeni, tilibe maluwa, ndipo makolo ake anali m'gulu la zomera zoyamba kukhala pamtunda, zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo. Chimanga chikataya madzi ambiri a m'masamba chimafa, ndipo mvula ikabwera mochedwa sichidzukanso. Mitundu ina ya nderezi imauma gwa, n'kusanduka yakuda ngati yafa, koma ikangolawa dontho imabiriwira pa timphindi tochepa n'kuyambanso kupanga chakudya. Mtundu wina wa m'zipululu, Syntrichia caninervis, uli ndi timaubweya kunsonga za masamba timene timakola nkhungu ndi mame n'kutsetserezera madziwo pa tsamba. Mu 2024 ofufuza a ku Xinjiang ku China analengeza kuti nderezi zinatsitsimuka zitataya madzi oposa 98 peresenti, ndiponso zinameranso zitasungidwa zaka 5 pa kuzizira kwa madigiri 80 pansi pa ziro.

Zimatheka bwanji? Madzi akamachoka, maselo a chomera wamba amaphwanyika ndipo zam'kati mwake zimawonongeka. Nderezi zimaunjika shuga m'maselo, ndipo shugayo amalimba n'kugwira chilichonse pamalo pake mpaka madzi atabwerera. Zimapanganso mapuloteni apadera oteteza, ndipo zikanyowa zimathamangira kukonza pamene pawonongeka. Chosangalatsa n'chakuti mapuloteni a mtundu umenewu anayamba kupezeka mu njere za thonje. Ndiye kuti mbewu ya chimanga imene mwaisunga m'nkhokwe imaudziwa kale ukatswiri umenewu: imauma miyezi yambiri osafa. Malangizo ake ali m'chibadwa cha chimanga, koma amagwira ntchito mu njere mokha, m'masamba ndi m'mizu amakhala otsekedwa. Pulofesa Jill Farrant wa pa yunivesite ya Cape Town watha zaka zambiri akufufuza zomera zazikulupo za kuno kumwera kwa Africa zimene zimauma n'kudzukanso, monga Xerophyta ndi Myrothamnus zomera pamathanthwe, pofuna kudziwa chimene chimatsegula malangizowo m'masamba.

Ndinene mosabisa kuti chimanga chouma n'kudzukanso sichinafike m'munda wa munthu aliyense, ndipo mwina chimene chidzatheke ndi chocheperapo, monga mbewu yopirira ng'amba ya masabata angapo. Mbewu zopirira chilala zimene zili pamsika lero zinapangidwa pokwatitsa mitundu ya chimanga, ntchito imene malo ngati Chitedze amagwira. Koma kumbukirani 2024, pamene mvula inadula pakati pa dzinja chimanga chikumasula, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chimene chinapha chimanga chaka chimenecho ndi chimene ndere ya pamwala imachipirira chaka ndi chaka. Munthu amene akufunsa ndereyo chinsinsi chake akugwira ntchito ya mlimi wa ku Balaka, ngakhale awiriwo sadzaonana. Komanso ku Freiburg ku Germany, Ralf Reski ndi anzake amameretsa ndere ya mtundu wina m'mathanki kuti izipanga mapuloteni ochizira anthu.

Pali nkhani ina imene sindingailumphe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikana nawo, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ena ankaopa kulowa m'midzi. Magazi amene ofufuza amatenga ndi ochepa, a m'kabotolo, ndipo amapita kulabu. Komabe amene amakayika si kuti alibe pogwira. Mu 1951 ku Baltimore ku America, madokotala anatenga maselo a khansa ya mayi wakuda, Henrietta Lacks, osamupempha, ndipo maselowo akhala akugwiritsidwa ntchito m'malabu a dziko lonse pamene banja lake kwa zaka zambiri silinkadziwa. Ku Tuskegee, ku America komweko, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa osachizidwa kuti ofufuza aone m'mene nthenda imayendera. Malamulo a masiku ano anabadwa chifukwa cha zoipa ngati zimenezi. Kwathu kuno kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi makomiti monga NHSRC asanayambe. Choncho ofufuza akafika m'mudzi, mafumu, musawathamangitse ndi miyala, komanso musangovomera chifukwa abwera pagalimoto. Safunsa anadya phula. Afunseni kalata ya chilolezo. Afunseni chimene akufuna kudziwa, kumene magazi akupita, chimene chidzachitike mwana akadwala, ndi tsiku limene adzabwere kudzanena zimene apeza. Dziwani kuti muli ndi ufulu wokana, kapena wosiya pakati, popanda kumanidwa chithandizo kuchipatala. Ndipo inu ofufuza, zotsatira zikatuluka m'magazini a ku London, bwererani pabwalo la amfumu mukazinene m'chinenero cha anthu amene anakupatsani magazi awo.

Mwina mwaona kuti mayina ambiri amene ndatchula ndi a alendo. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma ndalama zikamachokera kunja, mafunso nawonso amasankhidwira kunja. Khansa ya kummero, imene imatseka njira ya chakudya mpaka munthu kulephera kumeza ngakhale phala, ndi yochuluka kwathu kuno kuposa m'mayiko ambiri, ndipo zifukwa zake zikufufuzidwabe: ena akuyang'ana utsi wa nkhuni, ena zakumwa zotentha kwambiri, ena kachasu ndi fodya, ena zimene zikusowa m'nthaka. Funso limeneli ndi lathu, ndipo sitingadikire kuti wina adzalimvere chisoni. Atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana kale kuti dziko lililonse liziika 1 peresenti ya chuma chake pa kafukufuku. Aphungu athu azikumbutsidwa za lonjezo limeneli nthawi ya bajeti, monga m'mene timawakumbutsira za milatho ndi feteleza.

Kwa inu makolo, mwana akakuuzani kuti akufuna kukaphunzira za zomera kapena za tizilombo ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku KUHeS, musamuyankhe kuti zimenezo n'zopanda ndalama, akhale loya basi. Muthandizeni masamu, kemisitiri ndi bayoloje akali ku sekondale. Kwa inu aphunzitsi, ngati pasukulu pali makina oonera tizilombo, atulutseni m'kabati ana awagwire, ngakhale atangoona dontho la madzi a pachithaphwi. Ndipo inu ananu, ntchito imeneyi ndi yolemba zimene mwaona, ngakhale zitatsutsana ndi zimene mumayembekezera, n'kubwereza mawa, n'kulola mnzanu akutsutseni. Paphiri la Mulanje, la Zomba ndi ku Nyika kuli ndere zambiri, ndipo moto wolusa ndi nkhwangwa zikudya nkhalango zimene zimazisunga. Pakufunika ana a kuno oti akazitole, akazisunge ku National Herbarium ku Zomba, n'kuyesa kuti ndi ziti zimene zimauma n'kudzukanso.